Mikangano ya Sayansi ndi Zipangizo Zamakono: Mafunso ndi Mayankho

Katemera, mbewu za GMO (zosinthidwa DNA mu labotale), nsanja za mafoni za 5G, magetsi a nyukiliya, makompyuta oyankha mafunso ngati munthu. Nkhani zimenezi zikangoyambika pa wailesi kapena pa WhatsApp, anthu amagawanika nthawi yomweyo, ndipo pobalalika aliyense amabwerera ndi maganizo omwe anabwera nawo aja. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabuka kawirikawiri pa mikangano yotereyi.

Ngati akatswiri okhaokha akutsutsana, munthu wamba atsate ziti?

Yambani mwafufuza kuti akutsutsana pa chiyani. Mikangano yambiri ya mtunduwu imakhala ndi mafunso awiri opotana pamodzi ngati chingwe. Loyamba ndi la umboni: chinthuchi chimachita chiyani, kwa anthu angati, pakapita nthawi yaitali bwanji? Limeneli limayezeka. Lachiwiri ndi la chilungamo: apindule ndani, alipire ndani, ngozi igwere ndani, nanga eniakewo anafunsidwa? Limeneli palibe labotale ingaliyankhe.

Chisokonezo chimabwera mafunso awiriwa akasakanizidwa. Mlimi amene akuopa kuti kampani imodzi idzagwira mbewu zonse m'manja mwake amangoti "mbewuzo ndi poizoni", poti mawu amenewo amamveka msanga. Nkhawa yake ndi yomveka, koma chimene wanenacho n'chabodza. Akatswiri nawonso ali ndi pawo polakwira: akatsimikiza kuti chinthu sichivulaza thupi, amayesa kuti nkhani yatha, n'kumadabwa kuti anthu akukanabe. Iwalani kaye funso lakuti "ndikhale mbali iti". Tengani mfundo imodziimodzi, muone ngati ili ya umboni kapena ya chilungamo. Pa za umboni, mverani kumene kwalemerera kafukufuku wambiri. Pa za chilungamo, mawu anu ndi olemera mofanana ndi a pulofesa.

Komatu asayansi amasinthasintha. Lero ichi, mawa icho.

Amasinthadi, ndipo nthawi zina mochedwa kwambiri. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsa kuti zilonda za m'mimba zimayamba chifukwa cha nkhawa ndi asidi. Barry Marshall ndi Robin Warren a ku Australia atanena kuti zambiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori, anzawo sanawamvere. Mu 1984 Marshall anamwa dala mabakiteriyawo n'kudwala. Mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel.

Koma taonani chimene chinasintha maganizo a madokotala. Ofufuza ena m'mayiko ena anabwereza ntchitoyo, anapeza zomwezo, ndipo odwala opatsidwa maantibayotiki ankachira osayambiranso. Munthu amene akuti "nanenso akundikana ngati Marshall" mufunseni ngati alipo ena osagwirizana naye amene anayesa njira yake n'kupeza zofanana. Okanidwa amene pambuyo pake anapezeka olondola ndi ochepa. Okanidwa chifukwa analakwitsadi ndi miyandamiyanda, kungoti mayina awo sakumbukika.

Ndikamva kuti "kafukufuku wasonyeza", ndiyang'ane chiyani?

Choyamba, anayesa pa ndani? Mankhwala amene apha maselo a khansa m'mbale ya mu labotale, kapena achiritsa mbewa, ali kutali kwambiri ndi kuchiritsa munthu. Ambiri mwa mankhwala amene amafika poyesedwa pa anthu savomerezedwa n'komwe.

Chachiwiri, analipo angati, ndipo panali gulu loyerekezera? Mukapatsa anthu 50 odwala chimfine mankhwala alionse, pakatha sabata ambiri adzakhala atachira, chifukwa chimfine chimatha chokha. Kafukufuku wodalirika amagawa anthu m'magulu awiri mwa maere, gulu lina n'kulandira mankhwala enieni, lina mapiritsi opanda kanthu, ndipo wodwala ngakhale dokotala womuyeza sadziwa amene walandira chiyani.

Chachitatu, zinthu ziwiri zikamachitika pamodzi sindiye kuti china chayambitsa chinzake. Anthu oyenda ndi machesi m'thumba amadwala khansa ya m'mapapo kuposa ena, koma wolakwa si machesi.

Kenako onani amene analipira ntchitoyo, kumene inasindikizidwa, ndiponso ngati ena anaibwereza. Kuunikidwa ndi akatswiri ena isanasindikizidwe kumathandiza, koma ounikawo nthawi zambiri amangowerenga lipoti, sabwereza ntchitoyo, choncho chinyengo chimatha kudutsa. Ndipo ngati n'kotheka werengani lipoti lenilenilo, ngakhale chidule chake chokha. Mutu wa nkhani wa m'nyuzipepala umalembedwa ndi munthu wina amene anamva kwa wina. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

"Chiopsezo chawirikiza kawiri." Ndichite mantha?

Funsani kuti chawirikiza kuchoka pa chiyani. Mu October 1995 komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain inachenjeza kuti mapiritsi ena atsopano olera amawirikiza kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha. Zinali zoona. Koma manambala ake anali akuti pa amayi 7,000 alionse omwa mapiritsi akale, mmodzi ankakumana ndi vutoli, pomwe pa omwa atsopanowo anali awiri. Amayi ambiri anangomva "kawiri", n'kusiya mapiritsi tsiku lomwelo. Chaka chotsatira mimba zosakonzekera zinachuluka, ndipo ofufuza anawerengera kuti ku England ndi Wales mimba zochotsedwa zinawonjezeka ndi pafupifupi 13,000. Chomvetsa chisoni n'chakuti mimba yeniyeniyo imakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi kuposa mapiritsi aja.

Nambala iliyonse ya chiopsezo isandutseni kukhala "anthu angati pa anthu 1,000", ndipo muiyerekeze ndi chiopsezo cha kusachita kanthu.

Nanga nkhani yakuti katemera amayambitsa autism inachokera kuti?

Inachokera ku lipoti limodzi la mu 1998 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, lolembedwa ndi Andrew Wakefield ndi anzake, lopereka ganizo lakuti katemera wa MMR (woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri) angayambitse autism, vuto la kakulidwe ka ubongo wa mwana, potengera ana 12 okha, popanda gulu loyerekezera. Patapita zaka, mtolankhani Brian Deer anaulula kuti Wakefield ankalandira ndalama kudzera kwa maloya amene ankakonza zosumira opanga katemera, komanso kuti zolembedwa za ana ena sizinkagwirizana ndi mafayilo awo a kuchipatala. Mu 2010 magaziniyo inachotsa lipotilo, ndipo Wakefield analandidwa chilolezo chogwira ntchito ya udokotala ku Britain. Ku Denmark ofufuza anatsata ana oposa 650,000, ndipo mu 2019 analengeza kuti autism sinachuluke mwa olandira katemera wa MMR poyerekeza ndi osalandira.

Bodzali silifa chifukwa cha nthawi imene zinthu zimachitikira. Katemera ameneyu amaperekedwa mwana akakwanitsa chaka kapena kupitirirako pang'ono, ndipo imeneyi ndi nthawi yomwenso makolo amayamba kuona kuti mwana sakuyankha akaitanidwa dzina, sakuloza zinthu, sakuyamba mawu. Kholo limene laona zimenezi patangopita milungu iwiri mwana atabayidwa silikunama pa zimene laona. Lalakwitsa pa chimene chayambitsa.

Tisanamizane kuti katemera alibe vuto lililonse. Mu 2021 kunapezeka kuti katemera wa COVID-19 wa AstraZeneca ankayambitsa kuundana kwa magazi kwa mtundu wachilendo mwa anthu ochepa kwambiri, makamaka achinyamata, ndipo Britain inayamba kupereka katemera wina kwa osakwana zaka 30, kenako kwa osakwana 40. Vutolo linagwidwa patangopita miyezi yochepa, ndi njira zomwezo zimene zafufuza za autism kwa zaka zoposa 20 osapeza kanthu.

Zimene zinachitika ku Samoa zimasonyeza mmene kulakwitsa kwenikweni kumaberekera mantha olakwika. Mu 2018 makanda awiri anamwalira atabayidwa MMR, chifukwa anamwino anasungunula ufa wa katemerayo ndi mankhwala ofooketsa minofu m'malo mwa madzi ake. Makolo anachita mantha, ntchito yobaya inaimitsidwa kwa miyezi, ndipo ana otetezedwa anatsika kufika pafupifupi mmodzi pa atatu alionse. Chikuku chimafuna kuti anthu pafupifupi 95 pa 100 akhale otetezedwa kuti chisafalikire. Kumapeto kwa 2019 chinabuka n'kupha anthu 83, ambiri mwa iwo ana aang'ono.

Kodi mbewu za GMO n'zoopsa kudya?

Pa mbewu zimene zili pamsika, umboni ukuti ayi. Mu 2016 bungwe la National Academies of Sciences la ku America linaunika malipoti a kafukufuku oposa 900 ndipo silinapeze kuti mbewuzi zimadwalitsa anthu kuposa mbewu wamba. Linayerekezanso matenda monga khansa ndi a impso ku North America, kumene anthu adya zakudyazi kuyambira cha m'ma 1996, ndi ku Western Europe, kumene sazidya kwenikweni. Kusiyana kochokera ku GMO sikunaoneke.

Zimathandiza kudziwa chimene chimasinthidwa. Mu chimanga ndi thonje la Bt amaikamo kachidutswa ka DNA kochokera kwa bakiteriya wa m'nthaka, Bacillus thuringiensis. Chomeracho chimapanga puloteni imene imasungunuka m'matumbo a mbozi, omwe alibe asidi ngati athu, n'kumata pa makoma a matumbowo ndi kuwaboola. M'matumbo a munthu mulibe pomata puloteniyo, ndipo asidi wa m'mimba amaigaya ngati puloteni ina iliyonse. Alimi okana mankhwala a m'fakitale akhala akupopera bakiteriya yemweyu m'minda kwa zaka makumi ambiri.

Zithunzi za makoswe otupa zimene zimazungulirabe pa intaneti zinachokera ku kafukufuku wa Gilles-Éric Séralini wa mu 2012. Anagwiritsa ntchito mtundu wa makoswe umene umatuluka zotupa pawokha ukamakalamba, makoswe 10 okha pagulu, kwa zaka ziwiri. Magazini imene inasindikiza inachotsa lipotilo mu 2013 ponena kuti manambalawo sakanatha kutsimikiza chilichonse.

Ndiye kuti otsutsa GMO alibe mfundo?

Ali nazo, ndipo zina n'zolemera, kungoti si za poizoni.

Yoyamba ndi ya umwini. Mbewu zambiri za GMO zili ndi patenti, chikalata chopatsa kampani yokha umwini wake, ndipo mlimi amasaina kuti sadzasunga zokolola kuti adzabzalenso. Mu 2013 khoti lalikulu la ku America linagamula mokomera kampani ya mbewu ya Monsanto pa mlandu wa mlimi wa soya wa ku Indiana amene ankabzala mbewu zotere osalipira. Bayer itagula Monsanto mu 2018, ndi makampani ena ataphatikizana, malonda a mbewu padziko lonse anatsalira m'manja mwa makampani akuluakulu ochepa. Apa pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Mbewu ya haibulidi simabereka bwino ikabzalidwanso, koma imeneyo si GMO, ndi mmene haibulidi aliyense alili. Ndipo mbewu zija amati zinapangidwa kuti zisamere kachiwiri zinakonzedwadi mu labotale, koma sizinagulitsidwepo.

Yachiwiri ndi ya m'munda. Mbozi zimazolowera. Malamulo amafuna kuti mlimi wa Bt asiye gawo la munda la mbewu wamba, kuti mbozi zosapirira zipulumukiremo n'kumaswana ndi zochepa zopirira zija, mphamvu yopirirayo isafalikire msanga. Ku India, kumene thonje la Bt linavomerezedwa mu 2002, alimi ambiri a minda ing'onoing'ono sanasiye gawolo, ndipo pofika 2010 mbozi yofiirira ya thonje inali itayamba kupirira. N'chimodzimodzinso udzu m'minda imene amapopera mankhwala opha udzu a glyphosate chaka ndi chaka.

Ku Burkina Faso nkhani inapita kwina. Dzikoli linayamba kulima thonje la Bt mu 2008. Mbozi zinachepa, kupopera kunachepa, alimi ambiri analikonda. Koma ulusi wake unali waufupi poyerekeza ndi wa thonje lakale la dzikolo, limene linkagulidwa pa mtengo wabwino chifukwa cha kutalika kwa ulusi. Makampani ogula thonje anataya ndalama, ndipo mu 2016 analisiya. Palibe amene anadwala. Chinalakwika ndi kaberekedwe ka mbewuyo: mphamvu ya Bt inalowetsedwa mu mtundu wa m'dzikomo mosasamala khalidwe limene ogula ankalipirira.

Mu 2002, pa nthawi ya njala kum'mwera kwa Africa, boma la Zambia motsogozedwa ndi Levy Mwanawasa linakana chimanga cha thandizo cha GMO, pomwe mayiko ena oyandikana nalo anachilandira pokhapokha chitagayidwa kuti chisabzalidwe. Anthu amakumbukira mawu a poizoni amene ananenedwa nthawi imeneyo, koma panalinso nkhawa ya misika ya ku Europe ndi ya kusakanikirana kwa mbewu. Kugaya kunayankha nkhawa yachiwiriyi popanda kumana anthu chakudya.

Bungwe la WHO linanena kuti mafoni angayambitse khansa. Nanga 5G?

Mu 2011 nthambi ya WHO yofufuza za khansa, IARC, inaika mafunde a wailesi, amene mafoni amagwiritsa ntchito, m'gulu la 2B, la zinthu zimene "mwina" zingayambitse khansa. Magulu a IARC amanena za kulimba kwa umboni, sanena za kukula kwa ngozi. N'chifukwa chake nyama yokonzedwa m'fakitale ili m'gulu 1 limodzi ndi kusuta fodya, ngakhale fodya amapha anthu ochuluka kutalitali. Gulu la 2B limatanthauza kuti umboni ndi wochepa ndipo sunathe kutsimikiza kapena kutsutsa. Mu 2024 kuunika kwakukulu kumene WHO inapempha, kophatikiza kafukufuku 63, sikunapeze kugwirizana pakati pa mafoni ndi khansa ya mu ubongo, ngakhale mwa oimba kwa zaka zoposa 10.

Kuti mafunde athyole DNA amafunika mphamvu imene imayambira pa kuwala kwa ultraviolet kupita ku X-ray. Mphamvuyi imakula molingana ndi kugwedera kwa mafundewo, kumene amayeza mu GHz. Ma netiweki ambiri a 5G amagwira ntchito pansi pa 6 GHz, ena pamwamba pa 24 GHz. Kuwala kumene maso athu amaona kuli pa ma GHz oposa 400,000. Chimene mafunde a foni angachite m'thupi ndi kutenthetsa pang'ono, ndipo malire a malamulo anaikidwa pansi kwambiri pa mlingo umenewo. Mu April 2020 anthu ku Britain anatentha nsanja makumi angapo poganiza kuti zikufalitsa COVID-19, pomwe matendawo anali atafala kale m'mayiko opanda 5G ndi imodzi yomwe.

Mkangano weniweni wa 5G uli pena: ndani akupanga zipangizo za netiweki, ndipo angathe kumvetsera kapena kuzimitsa? N'chifukwa chake mayiko ena analetsa zipangizo za kampani ya ku China ya Huawei.

Magetsi a nyukiliya: njira yopulumukira kapena tsoka lodikira tsiku?

Mukawerenga imfa pa mlingo wofanana wa magetsi opangidwa, nyukiliya ili pafupi ndi mphepo ndi dzuwa, pomwe malasha amapha anthu ochuluka zedi kudzera mu utsi, mwakachetechete, chaka chilichonse. Siteshoni ya nyukiliya ya Chernobyl ku Ukraine itaphulika mu April 1986, anthu awiri anafa usiku wa ngoziyo, ena 28 anafa ndi poizoni wa radiyeshoni m'miyezi yotsatira, ndipo ana masauzande anadzadwala khansa ya chithokomiro, makamaka chifukwa chomwa mkaka woipitsidwa. Za imfa za m'tsogolo akatswiri amasiyana kwambiri, poti zimadalira mmene mukuwerengera mphamvu ya radiyeshoni yochepa pa anthu mamiliyoni.

Ku Fukushima, ku Japan, mu March 2011 makina anazima bwinobwino chivomezi chitachitika. Koma mafuta a nyukiliya amapitiriza kutentha ngakhale makina atazima, choncho amafuna mapampu a madzi ozizira. Madzi a tsunami anasefukira khoma n'kumiza majenereta a dizilo amene anaikidwa m'zipinda zapansi. Anthu oposa 150,000 anasamutsidwa, ndipo oposa 2,000, ambiri okalamba ndi odwala, anamwalira chifukwa cha mavuto a kusamukako, ochuluka kwambiri kuposa amene imfa yawo inakhudzana ndi radiyeshoni.

Mfundo zolimba za otsutsa ndi ndalama, nthawi ndi zinyalala. Siteshoni ya Olkiluoto 3 ku Finland inayamba kumangidwa mu 2005, ankayembekeza kuti itha mu 2009, koma inayamba kugwira ntchito mokhazikika mu 2023. Dziko lomwelo lakumba malo otchedwa Onkalo, mamita oposa 400 pansi pa thanthwe, oti zinyalala zizitsekeredwa m'migolo ya kopa yokutidwa ndi dongo kwa zaka 100,000. Mayiko ambiri alibe malo otere. France imapeza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a magetsi ake ku nyukiliya, pomwe Germany inatseka masiteshoni ake atatu omaliza mu April 2023. Mainjiniya a mayiko awiriwa amawerenga mabuku omwewo. Chosiyana ndi ngozi imene anthu a dziko lililonse alola kukhala nayo.

Kodi si zoona kuti makampani amagula asayansi?

Zinachitikapo, ndipo zikalata zake zilipo. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasonyeza kugwirizana kwa kusuta ndi khansa ya m'mapapo. Mu December 1953 akuluakulu a makampani a fodya a ku America anakumana ku New York ndi kampani yokonza mbiri, ndipo mwezi wotsatira anafalitsa chikalata m'manyuzipepala mazana chonena kuti nkhaniyo sinatsimikizike. Njira yawo sinali yotsutsa umboni mwachindunji. Ankangolipira kafukufuku wa zinthu zina zimene zingayambitse khansa, n'kumabwereza kuti "pakufunika kufufuza kwina". Kalata ina ya m'kati mwa kampani ya Brown & Williamson ya mu 1969 inanena poyera kuti katundu amene akugulitsa ndi chikayiko.

Phunziro lake anthu ambiri amalitembenuza. Pa nkhani ya fodya, ndalama sizinagule gulu lalikulu la asayansi. Zinagula ochepa oti azioneka ngati mbali yachiwiri. Choncho mukaona madokotala atatu akutsutsa mabungwe onse a zaumoyo, musafulumire kuganiza kuti atatuwo ndiwo oyera. Funso la ndalama lifunsidwe mbali zonse, kuphatikizapo kwa amene akukuchenjezani za katemera uku akugulitsa mankhwala ake "otsuka m'thupi".

Kusintha kwa nyengo kudakali nkhani yokanganirana?

Zakuti dziko likutentha chifukwa cha zochita za anthu, ayi. John Tyndall anayeza mmene mpweya wa carbon dioxide umasungira kutentha cha m'ma 1859. Mafakitale asanachuluke mpweyawu unali magawo pafupifupi 280 pa miliyoni. Charles Keeling atayamba kuyeza pa phiri la Mauna Loa mu 1958 unali cha pa 315, ndipo tsopano wapitirira 420. Mu 2021 bungwe la IPCC, la akatswiri a za nyengo la United Nations, linanena kuti palibenso chikayiko.

Otsala ndi mafunso a kuchuluka, monga mmene mitambo idzasinthire ndi liwiro la kusungunuka kwa madzi oundana a ku Antarctica, komanso funso lalikulu la chilungamo. Africa yonse imatulutsa magawo osakwana 4 pa 100 a mpweya wa carbon dioxide wochokera ku mafuta ndi malasha. Mu 2009 ku Copenhagen mayiko olemera analonjeza kupatsa mayiko osauka madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Anachedwa kukwaniritsa, ndipo gawo lalikulu linabwera ngati ngongole. Pamenepa ndiye pofunika kukangana.

Kusintha DNA ya munthu n'kololedwa?

Pali mitundu iwiri, ndipo malire ali pakati pake. Woyamba ndi wosintha maselo a wodwala yekha. Kumapeto kwa 2023 Britain ndi America zinavomereza Casgevy, chithandizo cha matenda a sickle cell chogwiritsa ntchito CRISPR, njira yodulira DNA imene Jennifer Doudna ndi Emmanuelle Charpentier anafotokoza mu 2012. Madokotala amatenga maselo opanga magazi a wodwalayo, amawasintha mu labotale kuti ayambenso kupanga hemoglobin ya mtundu umene mwana amakhala nawo ali m'mimba, amapha maselo akale a m'mafupa ndi mankhwala amphamvu a khansa, kenako n'kubwezera osinthidwa aja. Wodwala amagona m'chipatala milungu ingapo, ndipo mankhwala amphamvuwo angamuchititse kusabereka. Ku America mtengo wake unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni mu 2023, pomwe ana ambiri obadwa ndi matendawa amabadwira ku Africa.

Wachiwiri ndi wosintha mluza, kusintha kumene kumapita kwa ana ndi zidzukulu. Mu November 2018 He Jiankui wa ku China analengeza kuti kwabadwa mapasa amene anawasintha pofuna kuti asadzatenge HIV. Asayansi anzake anamudzudzula kwambiri. Kusinthako sikunatuluke monga ankafunira, njira zosavuta zotetezera ana ku HIV zinalipo kale, ndipo anawo sakanatha kuvomera kapena kukana. Khoti linamulamula kukhala m'ndende zaka zitatu.

Nanga AI, mapulogalamu a kompyuta otsanzira nzeru za munthu? Ena akuti itha ntchito zonse, ena akuti ndi mphekesera chabe.

Za m'tsogolo aliyense akungolosera, ngakhale amene akuipanga. Zoyezeka ndi za lero. Mapulogalamu ngati ChatGPT, imene inatuluka mu November 2022, amasanja mawu potengera zimene zimakonda kutsatana m'zolemba zimene anaphunzitsidwa nazo, n'chifukwa chake amatha kupeka buku kapena mlandu wa kukhoti umene kulibe, n'kuunena molimba mtima. Mu 2018 Joy Buolamwini ndi Timnit Gebru anayesa mapulogalamu atatu ozindikira ngati nkhope ndi ya mwamuna kapena mkazi. Pa amuna oyera khungu ankalakwitsa kosafika kamodzi pa 100, pa akazi akuda kwambiri mpaka ka 35 pa 100, chifukwa zithunzi zophunzitsira zinali zambiri za anthu oyera. Ku Netherlands nthambi ya misonkho inaganizira mabanja masauzande ambiri kuti aba ndalama zothandizira ana, mothandizidwa ndi kompyuta imene inkawerengera ngakhale unzika wa munthu ngati chizindikiro cha chinyengo. Boma lonse linatula pansi udindo mu January 2021.

Funso lothandiza pa pulogalamu iliyonse yogamula za ngongole, ntchito kapena mlandu ndi ili: ikalakwa, wolakwiridwayo akadandaule kwa ndani, ndipo alipo munthu amene angasinthe chigamulocho? Lamulo la AI la European Union, limene linayamba kugwira ntchito mu August 2024, linatsata njira imeneyi. Limakhwima molingana ndi kukula kwa ngozi ya ntchito imene pulogalamuyo ikugwira.

Ndani ayenera kugamula nkhani zoterezi, akatswiri kapena anthu onse?

Pa intaneti sipagamulidwa kanthu. Ofufuza a ku yunivesite ya MIT ku America ataunika nkhani pafupifupi 126,000 za pa Twitter, analengeza mu 2018 kuti yabodza inkafika kwa anthu 1,500 mofulumira kasanu ndi kamodzi kuposa yoona, ndipo ofalitsa kwambiri anali anthu enieni, osati maroboti.

Mayiko ena ayesa misonkhano ya nzika zosankhidwa mwa maere. Amasankha anthu oimira misinkhu, madera ndi maphunziro osiyanasiyana a m'dzikomo, amawalipirira ulendo ndi malo ogona, amawabweretsera akatswiri ndi olimbikitsa mbali zonse kuti awafunse mafunso, kenako amakambirana m'magulu ang'onoang'ono okhala ndi wotsogolera woonetsetsa kuti olankhula kwambiri asatsekereze anzawo. Ku Ireland nzika 99 ndi wapampando zinayamba kukumana mu 2016 pa nkhani ya kuchotsa mimba, imene andale ankaiopa kwa zaka zambiri. Maganizo awo anapita ku nyumba ya malamulo, kenako ku referendamu ya May 2018, kumene anthu pafupifupi 66 pa 100 anavomera kusintha malamulo.

Ku France nzika 150 zinakambirana za nyengo kuyambira 2019 n'kupereka mfundo 149 mu June 2020. Pulezidenti Emmanuel Macron anali atalonjeza kuzipititsa patsogolo osazisefa, koma anakana zitatu nthawi yomweyo, ndipo zambiri zinafooketsedwa zisanalowe m'lamulo la mu 2021. Nzika zija zitafunsidwa kuti zipereke malikisi pa zimene boma linachita ndi ntchito yawo, zinapereka otsika. Kusiyana kwa mayiko awiriwa kunali pa njira yotsatira msonkhano: ku Ireland mawu omaliza anali a ovota, pomwe ku France anatsalira m'manja mwa boma lomwe linaitanitsa msonkhanowo.